Petulo wa Pampu Yofiira

Ambulansi inali ikadali pomwe inafera, pakatikati pa chitunda, chitseko chakumbuyo chili yasa. Wina anali ataika mwala kuseri kwa tayala kuti isabwerere m'mbuyo. Sajenti, mayi wa polisi wofufuza milandu, atatsika m'galimoto anamva phula likumuotcha kudzera m'nsapato.

Nkhani anali ataimva kale panjira. Mayi woyembekezera amene ankataya magazi ankathamanga naye kuchokera kuchipatala chaching'ono kupita kuchachikulu. Injini inazima pachitundapo dzuwa lili paliwombo. Pomwe galimoto ina inkaima kuti ithandize, n'kuti mayiyo atatsirizika, mwana ali m'mimba. Thupi anali atalitenga, dalaivala anali m'chitokosi, anthu anali atabalalika. Amene anatsala ndi namwino yekha, atakhala pachopondera cha ambulansiyo, magolovesi akadali m'manja.

Namwinoyo anayankhula osadzutsa mutu, mawu aafupiafupi ngati akupereka lipoti kwa dokotala. Anati iye anali kumbuyo atagwira botolo la diripi, ndipo mwamuna wa wodwalayo anali atagwada pambali pa machira. Atangonyamuka anaima pang'ono kuti amwetse mafuta. Iye sanasuzumire panja, maso ake anali pa wodwala. Atayamba kukwera chitunda, injini inayamba kulira.

"Kulira kwake kotani?" anafunsa Sajenti.

"Ngati munthu akugwedeza misomali m'chitini. Dalaivala kusintha giya, kukhala ngati kwaleka, kenaka kuyambiranso. Kenaka phuu, utsi. Basi."

Anati anayesa kuimitsa galimoto zambiri koma zinkangowalambalala. Pomwe mayiyo ankasiya kupuma, anthu oyenda pansi anali ataunjikana kale. Wina m'gulumo, amene namwino sanamuone nkhope, anakuwa kuti madalaivala awa amagulitsa petulo wa chipatala n'kuthiramo palafini. Mwamuna wa malemu anatsika, maso ali gwa, anatola sipanala ya matayala imene inali pansi n'kumumenya nayo dalaivala m'nthiti. Ena anathandizira ndi mapazi. Namwino anachita kumugonera pamwamba kuti amuleke.

Sajenti anafufuza m'galimotomo, pansi pa mipando ndi m'kabokosi ka zida. Munthu wopopa petulo amakhala ndi kapaipi kapena chigubu, koma sanapezemo chilichonse. Anabwerera kwa namwino n'kumufunsa ngati iye akukhulupirira kuti dalaivalayo anaba. Namwino anavula golovesi imodzi n'kumaiyang'ana.

"Ine chimene ndikudziwa n'chakuti mtima wa mwana ndinkaumva mpaka titaima pano. Zinazo sindikudziwa."

*

Kupolisi, bwana wamkulu mlanduwo anali atauweruza kale m'mutu. Anati nkhani zoterezi sizifuna kutuluka nazo thukuta: pali dalaivala, pali petulo, pali dzanja lalitali. Sajenti atanena kuti munthu womenyedwa choncho ayenera kuonedwa ndi dokotala, bwanayo anapukusa mutu. Anati abale a malemu adzaza pachipatala chachikulu kudikira thupi, ndiye kupita naye kumeneko n'chimodzimodzi kukamupereka m'manja mwawo. Agone kaye mkati, mitima itsike, za dokotala mawa.

M'chitokosi munali fungo la mkodzo ndi thukuta. Dalaivala anali bambo wa imvi m'mbali mwa makutu. Anali atakhala pansi motsamira khoma, dzanja litagwira pansi pa nthiti zakumanzere, mlomo utatupa. Ataona Sajenti anayesa kudzuka, n'kulephera.

"Mundikhululukire mayi, ndikulandirani chokhala."

Anali munthu woyamba nkhani kutali. Anafotokoza za malole amene anayendetsa kuyambira ali mnyamata, za msana umene unamusiyitsa maulendo aatali, za mmene anasangalalira atapeza ntchito ya pachipatala, pafupi ndi kunyumba. Pantchitopo anali asanathe ngakhale mwezi. Anati tsiku loyamba lomwe anaimva galimotoyo ikutsokomola pokwera mtunda, ndipo anakauza oyang'anira chipatala. Anamuyankha kuti adzaona.

Sajenti anamufunsa za petulo. Dalaivala anati lamulo limene anamupatsa pomulemba ntchito linali limodzi: pampu yofiira basi, ya petulo wodula, yobiriwira ayi. Iye ankatsika yekha kukaonerera akuthira. Ndalama sankagwira, chipatala chinkalipira chokha.

"Anthu akuti munapopa petulo n'kuthiramo palafini."

"Ndinawamva, mayi. Ndinkawamva ndili pansi." Anaima kaye, mpweya ukumuvuta kukoka. "Kuba ndikanaba kumalole, kumene kunali migolo yathunthu. Ndidzabe lero, pa galimoto ya odwala? Mayi uja ndinkamumva kumbuyoko, ankaitana amayi ake. Ine kuponda, iyo kukana. Kuponda, iyo kukana."

Kenaka anafunsa ngati mwamuna wa malemu ali ndi wina womuyang'anira. Sanamunenere zoipa. Anangoti bamboyo anaona zinthu zosayenera kuona munthu.

"Mumamwetsa kuti?" anafunsa Sajenti.

"Pamphambano paja, pa filing'i ya mayi wamasiye. Chipatala chimamwetsa pomwepo chiyambire."

Cholembera chinaima m'dzanja la Sajenti. Mayi wamasiyeyo anali mkulu wake, bere limodzi.

*

Achemwali akewo ndi amene anamulera amayi awo atamwalira. Ndi amene ankamuluka tsitsi, ndi amene anamunyamulira sutikesi tsiku lopita kusukulu ya polisi. Alamu atamwalira anthu ankati filing'iyo igwa posachedwa, koma achemwali anaigwira ndi mano. Madzulo amenewo Sajenti anatenga foni kangapo, osaimba. Ankadziuza kuti dalaivala aliyense akagwidwa amaloza pampu.

M'mawa anadzera kaye kuchitokosi. Dalaivala anali atagona chammbali, ndipo anati akumva kuzizira ngakhale kunja kunali kutatentha kale. Sajenti anakumbutsanso za dokotala. Bwana anati galimoto yapita kubwalo la milandu, ikabwera amutenga. Sajenti anamufunditsa bamboyo bulangeti la pakauntala n'kumapita kugalaja kumene anakokera ambulansi.

Makaniko anali mdala wamfupi, wa ovololo yong'ambika m'mawondo. Injini anali ataitsegula kale, zitsulo ataziyala pa katoni. Anali munthu wa nthabwala, ndipo galimoto ankazitchula ngati anthu.

"Mwabwera kudzazonda wodwala wanga? Mwachedwa, mayi. Uyu ndi wa kumochale."

Anadzimva yekha zimene wanena, kuseka n'kuthera pakhosi. Anatola pisitoni imodzi n'kumupatsa Sajenti. Pamwamba pake panali bowo lolowa chala, m'mbali mwake mutasungunuka ngati kandulo.

Anati petulo si mtundu umodzi. Nambala imene amalemba papampu, ya okiteni, imanena za kupirira kwake. Wa nambala yaikulu amapirira kufinyidwa, amadikira mpaka pulagi imupatse moto. Wa nambala yaing'ono sachedwa kupsa mtima. Injini ikamufinya kwambiri, makamaka pachitunda, kunja kukutentha, galimoto italemedwa, amaphulika yekha pisitoni ikadali kukwera. Ndiye kumakhala kulimbana, pisitoni ikufuna kumwamba, moto ukuikankhira pansi, ndipo kulira kwa misomali kuja n'kumeneko. Galimoto zambiri, anatero, wa nambala yaing'ono zimamwa bwinobwino, kuzigulira wodula n'kungodzivutitsa. Koma iyi ayi. Anamuonetsa kapepala komata mkati mwa kachitseko ka thanki, pamene opanga analemba okha nambala imene injiniyo imafuna.

Sajenti anafunsa za palafini. Makaniko anati alimo, m'thankimo akununkha, ndipo palafini amatsitsiratu nambala ija.

"Ndiye kuti dalaivala akanatha kuthira dzulo m'mawa."

"Akanatha. Koma taonani kaye ichi."

Anatola valavu. Inali yokutidwa ndi zinthu zakuda, zolimba. Anaipala ndi sikuludalaivala, zakudazo n'kumagwa ngati tizidutswa ta simenti.

"Petulo wabwino amabwera ndi mankhwala otsuka. Akamadutsa amachapa njira yake yonse, injini imakhala yoyera ngati mano a mwana. Uyu wakhala akumwa wopanda sopo. Mwaye uwu ukatentha umafiira ngati khala, n'kumayatsa petulo nthawi isanakwane. Izi si za dzulo, mayi, si za mwezi uno. Kuti mwaye ulimbe chonchi, ndi chaka kapena kupitirira."

Sajenti anaiyang'ana valavuyo nthawi yaitali. Dalaivala anali asanathe mwezi pantchito. Anafunafuna pogwira pena, n'kufunsa ngati sangakhale dalaivala wakale amene ankachita zimenezi.

Makaniko anamutsogolera kuseri kwa galaja, kumene kunali galimoto zingapo zotsegula mabonati. Anati iyi ndi ya mphunzitsi, iyo ya loya, inayo ya mayi wina wa sitolo ya mankhwala. Matenda ake ndi omwewo, mwaye womwewo. Eni ake amayendetsa okha, alibe dalaivala woti awabere, ndipo onse amalumbira kuti amagula wodula, wa pampu yofiira.

"Amamwetsa kuti?"

Mdalayo anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta zala, chimodzichimodzi, maso ali pansi.

"Ine ndimakonza zitsulo, mayi. Malemu alamu anu anali mnzanga."

*

Pa filing'i ya pamphambano panali mzere wa galimoto mpaka kumsewu. Sajenti sanalowe mu ofesi. Anazungulira kuseri, kumene thankala imatsitsira mafuta m'matanki a pansi pa nthaka. Kupatula cha dizilo, pa simentipo panali zivundikiro ziwiri zachitsulo. Chobiriwira chinali chokandikakandika, penti itasupuka pogwirira, simenti yozungulira itada ndi mafuta otayikira. Chofiira chinali ndi dzimbiri. Loko wake anali atadzaza mchenga, ndipo m'mphepete mwake munali mutamera udzu. Anagwada n'kuyesa kuchigwedeza, koma chinali chitagwirana ndi simenti.

Kutsogolo, pampu yofiira inali ikuthira galimoto yoyera.

Wothira mafuta anali mayi wonenepa amene anayamba ntchito pamenepo alamu akadali moyo. Aliyense ankamutcha Fulutanki, chifukwa ndilo funso limene ankalonjera nalo galimoto iliyonse. Masiku onse anali wa nkhani, koma tsikuli nkhani zinachita kusefukira. Anadandaula za mawondo, za dzuwa, za mwana wake wosafuna sukulu, n'kufunsa Sajenti chimene chikumuondetsa. Sajenti anamulekerera mpaka mpweya unamuthera. Kenaka anamupatsa mabotolo awiri opanda kanthu amene anatola kugalaja, n'kumuuza kuti athire limodzi kupampu yofiira, lina kuyobiriwira.

Fulutanki anathira, petulo wina n'kutayikira pansapato. Sajenti anakweza mabotolowo kudzuwa. Mtundu unali umodzi. Ananunkhiza lina, n'kununkhiza linzake. Monsemo, pansi pa fungo la petulo, munali fungo lina lolemera, la nyali.

"Ambulansi munaithira ndinu dzulo?"

"Ndine."

"Pampu iti?"

"Yofiira. Bambo aja amatsika n'kuima pompo, kumayang'ana ngati paipi ithawa."

"Nanga thanki yofiira anaitsegula liti komaliza?"

Fulutanki anayang'ana kuofesi, n'kuyang'ana pansi. Mawu ake, amene nthawi zonse ankamveka mpaka kutsidya kwa msewu, anatsika mpaka kunong'ona. Anati iye amathira zimene zikutuluka m'paipi, za pansi pa nthaka saziona. Anati ali ndi ana, mwamuna alibe, ndipo pa msinkhu wake palibe angamulembe kwina. Kenaka misozi inayamba kutsika yokha.

"Mayi uja ndinamuona pawindo, a Sajenti. Ndinamuuza kuti limbani mtima, mufika." Anapukuta nkhope ndi mkono. "Lowani mkati. Akukudikirani kuyambira m'mawa."

*

Ofesi inali kachipinda ka magalasi kodzaza ndi zigubu za oilo. Pakhoma panali chithunzi cha alamu atavala suti. Achemwali anali atakhala kuseri kwa tebulo, nsapato atavula, tiyi atazizira m'kapu. Anayang'ana mabotolo aja, kenaka nkhope ya mng'ono wawo.

"Wabwera ngati mwana wa amayi, kapena wabwera ngati boma?"

"Sindikudziwa, achemwali."

Achemwali anamulozera mpando. Sanakane chilichonse, ndipo zimenezi zinamupweteka Sajenti kuposa mmene bodza likanamupwetekera. Anafotokoza mofatsa, ngati akunena za munthu wina. Thanki yofiira inang'ambika dzinja lotsatira maliro a alamu, madzi n'kumalowa. Kuikonza kunafuna kukumba bwalo lonse ndi kutseka kwa nthawi yaitali. Kampani imene inkawapatsa petulo wabwino, wa mankhwala uja, inati singatsitse mafuta pamalo pamene thanki ikudontha, ndipo posakhalitsa inawasiya. Kenaka kunabwera munthu wina wa thankala yakeyake, woyankhula bwino, wa petulo wotsika mtengo. Mmisiri wa mapaipi analumikiza mapampu onse awiri ku thanki imodzi. Iwo ankati n'zakanthawi, angopezako mpweya. Galimoto zinkabwera, kumwa, n'kumapita, palibe amene anabwerera kudzadandaula. Kanthawi kaja kanasanduka chaka, n'kupitirira.

"Nanga palafini?"

"Wa thankalayo sindinamufunse. Ndikanamufunsa akanandiuza."

"Koma ambulansi, achemwali. Mukanangowauza achipatala kuti azikamwetsa kwina."

"Akanafunsa chifukwa chake. Mawa lake tauni yonse ikanadziwa." Anazunguza kapu patebulo. "Ndikaiona ikukhota pachipata, ndinkalowa kuchimbudzi mpaka ichoke."

Foni ya Sajenti inalira. Anali bwana wamkulu, ndipo m'kachipindamo mawu ake ankamveka kwa onse awiri. Anati galimoto itabwera kuchokera kubwalo la milandu anapita kuti akamutenge dalaivala uja, koma anamupeza atazizira kale m'bulangeti. Zikuoneka kuti ankataya magazi mkati.

"Ndiye mlandu wa petulo uja watha wokha, wakuba wapita. Umene watsala ndi wakupha. Maliro a mkazi wake akangotha, ukamutenge bambo wa sipanala uja. Uli kuti?"

"Ndikubwera, bwana."

Achemwali anali atagwira pakamwa. Kunja pampu inkalira, galimoto zikusuntha pamzere. Kenaka achemwaliwo anafunsa ngati dalaivalayo anali ndi ana. Sajenti sankadziwa. Anali atamufunsa zambiri, koma zimenezo ayi.

Kenaka achemwali anayankhula motsitsa, osamuyang'ana. Anati monga wamvera yekha, palibe amene akuwafuna. Mawa lomwe adula paipi ija, pampu yofiira aiveka thumba, wa thankala amuthamangitsa. Palibe adzafenso.

"Sindikukupempha kuti uname. Ungopita kwanu, ukagone."

Sajenti anadziwa kuti zimenezo n'zotheka. Bwana sakanafunsa. Makaniko sakanatsegula pakamwa, Fulutanki chimodzimodzi. Anayesa kufunafuna munthu amene angapindule iye akayankhula, osamupeza. Mayi uja ndi mwana wake sakanadzuka. Dalaivala sakanadzuka. Mwamuna wa malemu akanalowabe m'ndende, kungoti akanalowa akudziwa kuti anapha munthu wosalakwa. Chotsala chinali dzina lokha la bambo amene anthu ankapita kukamuika m'manda ali wakuba. Anayang'ana manja a achemwali ake ali patebulo, zala zotupa, mphete ya ukwati italowa m'mnofu, ndipo anamva kutopa kumene anali asanakumvepo.

Anadzuka, anapita pakhoma pamene panali bokosi la magetsi, n'kutsitsa chogwirira. Mapampu onse anakhala chete.

Kunja mahutala anayamba. Sajenti anatuluka n'kuima pakati pa mapampuwo. Anauza anthu kuti patsekedwa, petulo wa pano ndi wosakaniza, akuwononga injini. Woyendetsa takisi wina anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti wadikira nthawi yaitali, ndipo galimoto yake siisankha.

"Tithireni womwewo, mayi, ife tizipita."

Ena anavomereza. Wina anatukwana apolisi kuti amangodziwa kusokoneza anthu ofuna kudya. Palibe amene anafunsa kuti wasakaniza ndani. Sajenti anaima pomwepo, dzuwa likumuwomba, mpaka mzere wonse unatha.

Atabwerera mu ofesi anapeza achemwali atavala nsapato, juzi ili pamkono. Achemwaliwo anapatsa Fulutanki makiyi n'kumuuza kuti atseke mawindo onse. Pagalimoto anatsegula okha chitseko chakumbuyo. Sajenti anawauza kuti akhale kutsogolo.

"Konkuno kuli bwino," anatero achemwali.

*

Pabenchi ya pakhomo la polisi panali mayi wochepa thupi, atafumbata jumbo yokhala ndi mbale yovundikira ndi malaya ochapa. Ataona Sajenti anaimirira n'kupinda mawondo. Anati ndi mkazi wa dalaivala wa ambulansi. Wakhala pamenepo kuyambira m'mawa, ndipo apolisi a pakauntala akungomuuza kuti adikire amene akufufuza nkhaniyo. Anapempha kuti ngati kuwaona amuna ake n'kosatheka, angomulandirira chakudyacho, chifukwa ali ndi mankhwala a msana amene samwa asanadye.

Sajenti anasuzumira pakhomo. Apolisi a pakauntala onse anaweramira pamapepala awo. Panalibe amene anamuuza mayiyo.

"Amuna anu sanabe, mayi," anatero Sajenti. "Sanabe kalikonse."

Nkhope ya mayiyo inawala. Anaika jumbo pansi n'kumugwira Sajenti dzanja ndi manja onse awiri. Anati iye ankadziwa, wakhala nawo zaka zonsezi, ngakhale msomali wa eni sanabwerepo nawo kunyumba. Anati aneba kuyambira dzulo akumuyang'ana cham'mbali, koma tsopano akayenda mutu uli m'mwamba. Anafunsa ngati atuluka lero lomwe, kuti akawatenthetsere madzi.

"Khalani kaye pansi," anatero Sajenti.

Mayiyo anakhala. Ndi pamene anaona achemwali ataima padzuwa, juzi ili pamkono. Anasendera kumapeto kwa benchi n'kupukuta fumbi ndi chikhatho.

"Khalani apa, mayi, pali mthunzi. Nanunso muli ndi wanu mkatimu?"

Achemwali anakhala. Mayiyo anawasisita pabondo n'kuwauza kuti asadandaule, wapolisi uyu ndi wabwino, amafufuza mpaka apeze zoona.

Sajenti anagwada pa simenti patsogolo pa awiriwo. Anasuntha jumbo ija kuiika kutali ndi mapazi, anagwira mayiyo manja onse awiri, n'kumuuza.